Kodi mafunso a kafukufuku amayezadi chimene akufuna kuyeza?

Mu Marichi 2013, akatswiri anaulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa VOICE. Kafukufukuyu anachitika ku Uganda, South Africa ndi Zimbabwe, ndipo munalowa amayi 5,029 omwe analibe kachilombo ka HIV. Cholinga chake chinali kuona ngati mankhwala a tenofovir, omwedwa ngati piritsi tsiku ndi tsiku kapena opakidwa ngati jelo m'njira yoberekera, angateteze amayi kuti asatenge kachilomboka. Zotsatira zake zinakhumudwitsa anthu ambiri. Palibe njira ngakhale imodzi imene inaoneka kuti yateteza, ndipo amayi 312 anatenga kachilomboka kafukufuku ali mkati.

Chodabwitsa chinali chakuti zolembedwa zonse zimaonetsa kuti amayiwo ankagwiritsa ntchito mankhwala bwino lomwe. Atafunsidwa maso ndi maso, mayankho awo anasonyeza kuti ankatsatira malangizo pa masiku 90 mwa masiku 100 alionse. Atayankha okha pa kompyuta, popanda munthu wowayang'ana, chiwerengero chinali 88. Anamwino atawerenga mapiritsi ndi jelo zimene amayi ankabweza kuchipatala, anapeza 86. Njira zitatu zonsezi zinkagwirizana. Koma magazi atayezedwa ku labotale, tenofovir anapezeka m'magazi 30 okha mwa 100 alionse a gulu loyamba, 29 a gulu lachiwiri, ndi 25 a gulu la jelo.

Pakanapanda kuyeza magazi, dziko likanakhulupirira kuti mankhwalawa sagwira ntchito mwa amayi a ku Africa kuno. Chikhulupiriro chimenecho chikanakhala cholakwika. Kafukufuku wina wotchedwa Partners PrEP, yemwe anachitika ku Kenya ndi Uganda pakati pa mabanja omwe mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, anali ataonetsa kale kuti mapiritsi omwewa amateteza kwambiri anthu akamamwadi. Vuto la VOICE silinali mankhwala. Mankhwalawo sankamwedwa, ndipo miyeso itatu ija inalephera kuona zimenezo.

Kusasinthasintha ndi kulondola

Akatswiri a kafukufuku amasiyanitsa zinthu ziwiri akamaunika muyeso uliwonse. Choyamba ndi kusasinthasintha: muyeso ukabwerezedwa pa munthu yemweyo, zinthu zisanasinthe, umapereka yankho lomwelo? Chachiwiri ndi kulondola, chimene pa Chingerezi amachitcha validity: kodi muyesowo ukuyezadi chinthu chimene ofufuza akuti akuyeza?

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa sikelo ya ana angamvetse kusiyanaku mosavuta. Sikelo yopachika pamtengo ikhoza kukhala kuti muvi wake sunabwezedwe pa ziro, ndiye ikuwonjezera theka la kilogalamu pa mwana aliyense. Mwana akakwezedwa katatu, sikelo inena chimodzimodzi katatu konse. Sikeloyo siyosinthasintha, koma siyolondola. Mwana wonyentchera adzalembedwa kuti akukula bwino, ndipo palibe adzakayikire chifukwa manambala akuoneka aukhondo. Chimodzimodzinso kalamba woyezera mkono wa mwana: akamangitsitsa kapena akalekerera, mwana akhoza kuwoloka malire a masentimita 11.5 kapena 12.5 popanda chilichonse kusintha m'thupi mwake.

Sikelo ili ndi ubwino umodzi: pali mwala wodziwika kulemera kwake umene ungapachikidwe poona ngati sikeloyo ikunena zoona. Zinthu zambiri zimene kafukufuku wa zaumoyo amafunsa zilibe mwala wotere. Mantha, nkhawa, kusalidwa, kufuna kapena kusafuna mimba, kukhulupirira chipatala, zonsezi sizioneka ndi maso. Mu 1955, akatswiri awiri a ku America, Lee Cronbach ndi Paul Meehl, anafotokoza kuti zinthu zoterezi zimadziwika kudzera m'zizindikiro zake zokha. Choncho umboni woti muyeso ndi wolondola umasonkhanitsidwa pang'onopang'ono: kodi zotsatira zake zikugwirizana ndi zinthu zina zimene ziyenera kugwirizana nazo, ndipo zikusiyana ndi zimene ziyenera kusiyana nazo? Mafunso oyeza matenda a maganizo, mwachitsanzo, ayenera kupereka manambala okwera kwa anthu amene dokotala wawapeza ndi matendawa, ndipo manambalawo ayenera kutsika munthu akachira.

Nkhani ya VOICE ikuwonjezera chenjezo lina. Miyeso ikagwirizana, sizitanthauza kuti yonse ndi yolondola. Kufunsa maso ndi maso, kufunsa pa kompyuta ndi kuwerenga mapiritsi zonse zinkadalira zimene mayi wasankha kuonetsa. Zinali ngati mboni zitatu zimene zamva nkhani kwa munthu mmodzi. Magazi okha ndiwo anali mboni yapadera.

Yankho lokondweretsa wofunsa

Pambuyo pake ofufuza anabwerera kwa ena mwa amayi a VOICE, nawaonetsa zotsatira za magazi awo, n'kukhala nawo pansi. Amayiwo anafotokoza zifukwa zomveka. Ena ankaopa kuti mankhwala omwe akadali pa kafukufuku awavulaza. Ena ankaopa kuti amuna awo kapena oyandikana nawo akaona mapiritsi aganiza kuti ali ndi kachilombo. Ambiri ankafuna kupitiriza kulandira chisamaliro chabwino cha pa chipatala cha kafukufuku, ndipo ankaganiza kuti akaulula adzadzudzulidwa kapena kuchotsedwa. Amayiwa sanali anthu oipa mtima. Ankayankha funso monga analimvera: kodi ndinu munthu womvera amene ayenera kupitiriza kuthandizidwa?

Funso lililonse la kafukufuku limafunsidwa pakati pa anthu awiri, ndipo woyankha amayamba waganizira chimene wofunsayo akufuna kumva. Ku Zimbabwe, kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anayeza amayi pofufuza PSA, chinthu chopezeka mu umuna chimene chimakhalabe m'njira yoberekera kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mwa amayi amene anapezeka nacho, pafupifupi theka ananena kuti sanagonane popanda kondomu m'masiku awiri apitawo. Kuyankha pa kompyuta sikunathetse vutoli.

Ku Malawi nakonso njira ya kompyuta inayesedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 anafunsa atsikana osakwatiwa a zaka 15 mpaka 21 m'midzi ya kum'mwera, ena maso ndi maso, ena pa kompyuta yolankhula kudzera m'mahedifoni. Ambiri ankayembekezera kuti kompyuta itulutsa zoona zambiri pa funso lililonse. Sizinatero. Atsikana ovomera kuti anagonanapo anali ochuluka m'gulu la maso ndi maso, pomwe ovomera kuti anagonanapo ndi amuna angapo anali ochuluka m'gulu la kompyuta. M'magulu onse awiri munapezeka atsikana okana kuti sanagonanepo koma ali ndi matenda opatsirana pogonana. Izi zikusonyeza kuti palibe njira imodzi yofunsira imene imapambana pa mafunso onse.

Kupita kukaona ndi maso nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa munthu akadziwa kuti akuonedwa amasintha. Ku Bangladesh, ofufuza anaika timakina tozindikira kugwedezeka m'kati mwa sopo n'kupereka sopoyo kwa mabanja. Pa tsiku limene munthu wa kafukufuku anakhala pakhomo kuonerera kasambidwe ka m'manja, sopo anagwiritsidwa ntchito kwambiri kuposa masiku ena. Woonererayo analemba zimene anaonadi, koma zimene anaonazo sizinali za tsiku ndi tsiku.

Liwu limodzi, matanthauzo awiri

Mafunso ambiri amalembedwa m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa, ndipo apa ndi pamene tanthauzo limatayika kawirikawiri. Liwu loti malungo ndi chitsanzo chodziwika. Kuchipatala, malungo ndi matenda oyambitsidwa ndi tizilombo tofalitsidwa ndi udzudzu. Kumudzi, liwu lomweli limanenanso kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, kaya chayambitsa n'chiyani. Mayi akavomera kuti mwana anadwala malungo sabata yatha, mwina akunena za chimfine chachikulu kapena chibayo. Sakunama, ndipo wofunsa sanalakwitse kulemba, koma nambala yotuluka pamenepo si chiwerengero cha malungo a udzudzu. N'chifukwa chake kafukufuku wa dziko lonse amafunsa za kutentha thupi padera n'kuyeza magazi a ana padera, ndipo kuyambira 2011 zipatala za m'Malawi zinayamba kugwiritsa ntchito timakina toyezera malungo mwachangu m'malo mongodalira zizindikiro.

Vuto limakula pa nkhani za maganizo. Mawu a Chingerezi onena za matendawa alibe liwu limodzi lofanana nawo ndendende m'Chichewa. Munthu wovutika anganene kuti akuganiza kwambiri, mtima ukumuwawa, ali ndi nkhawa, tulo sakupeza, kapena thupi lonse lafooka. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anasankha kuyambira pa mawu a anthu eni ake. Anasonkhanitsa mawu amene odwala, asing'anga ndi anamwino a ku Harare amagwiritsa ntchito, ndipo mu 1997 anatulutsa mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire. Limodzi mwa mafunsowo ndi la kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Mafunso amenewa ndi omwe pulogalamu ya Friendship Bench, imene agogo ophunzitsidwa amapereka uphungu pa mabenchi a pa zipatala, yakhala ikugwiritsa ntchito posankha ofunika thandizo.

Ku Malawi ofufuza anatenga mafunso opangidwa kale n'kuwayesa. Mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ, oyankhidwa ndi inde kapena ayi, anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2009. Mu 2013 panatuluka zotsatira za kuyesa mafunso a SRQ ndi a EPDS, m'Chichewa, pakati pa amayi oyembekezera ku Mangochi. Njira yake inali yofanana: mayi amayankha mafunso, kenako katswiri wa matenda a maganizo amacheza naye mozama payekha, ndipo zotsatira ziwirizo zimayerekezedwa.

Kuyerekeza koteroko kumaonetsa zinthu ziwiri: odwala angati amene mafunso akuwagwira, ndi anthu abwinobwino angati amene akuwagwira molakwika. Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Pakhale amayi 1,000, ndipo 100 mwa iwo akudwaladi. Mafunso akugwira 80 mwa odwala 100 aja, komanso akugwira molakwika mmodzi mwa amayi 10 alionse abwinobwino, omwe ndi amayi 90 mwa 900. Onse ogwidwa ndi 170, koma odwaladi ndi 80 okha, osakwana theka, ndipo odwala 20 aphonyedwa. Wolemba lipoti akati amayi 17 mwa 100 alionse ali ndi matenda a maganizo, walakwitsa, chifukwa chiwerengero chenicheni ndi 10. Mafunso otere amasonyeza amene ayenera kuunikidwa bwino ndi wachipatala. Paokha sangauze munthu kuti akudwala.

Nthawi imasintha yankho

Mafunso ambiri amadalira kukumbukira, ndipo munthu akamakumbukira amaona zakale ndi maso a lero. Funso la mimba zosakonzekera limaonetsa izi bwino. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, yemwe ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikuchita kuyambira 1992, amafunsa mayi ngati pa nthawi imene anatenga mimba ankaifuna pomwepo, ankafuna kudikira, kapena sankafunanso mwana. Funsoli limabwera mwana atabadwa kale, mwina akuyenda, mwina ali kumsana kwa mayiyo. Ndi amayi ochepa amene angaloze mwana wawo n'kunena kuti sankamufuna.

Kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi, yemwe anayamba ku Balaka mu 2009, ankafunsa achinyamata omwewo mobwerezabwereza miyezi ingapo iliyonse. Izi zinapereka mwayi woyerekeza zimene mayi ananena asanatenge mimba ndi zimene ananena pambuyo pake. Zotsatira zinaonetsa kuti kufunsa pambuyo kumachepetsa chiwerengero cha mimba zosakonzekera. Boma likadalira chiwerengero chochepacho, likhoza kuganiza kuti kufunika kwa njira zolerera n'kochepa kusiyana ndi mmene kulili. Ku Mchinji, ofufuza anamasulira n'kuyesa mafunso 6 a London Measure of Unplanned Pregnancy, omwe amapereka nambala kuyambira 0 mpaka 12 m'malo mogawa amayi m'magulu awiri okha. Njirayi imavomereza kuti amayi ambiri amakhala pakatikati: sankakonzekera, koma sankakaniratu.

Dzanja la wolemba

Nambala iliyonse imadutsa m'dzanja la munthu wotopa, wofulumira kapena wofuna kusangalatsa bwana wake. Akatswiri ounika kafukufuku wa zaumoyo m'maiko ambiri anapeza kuti ana obadwa m'chaka chimene mafunso ataliatali a zaumoyo wa mwana amayambira amakhala ochepa modabwitsa, pomwe obadwa chaka cham'mbuyo mwake amachuluka. Chifukwa chake n'chakuti ofunsa ena amakankhira tsiku lobadwa m'mbuyo pang'ono kuti azembe masamba angapo a mafunso. Izi zimasokoneza chiwerengero cha ana obadwa ndi cha imfa za ana. Crystal Biruk, yemwe anayenda ndi magulu a kafukufuku m'midzi ya ku Malawi, analemba buku la Cooking Data mu 2018 lofotokoza mmene manambala amapangidwira kudzera m'ntchito ya ofunsa, omasulira ndi oyang'anira, ndi zimene onsewa amachita kuti zolembedwazo zikhale zodalirika.

M'zaka za m'ma 1970, Donald Campbell anachenjeza kuti nambala ikayamba kugwiritsidwa ntchito poweruza anthu, imayamba kupotozedwa. Chipatala chikamayamikiridwa kapena kudzudzulidwa potengera nambala imodzi, chiyeso chokongoletsa nambalayo chimakula. Mudzi ukhoza kukhala ndi zimbudzi pakhomo lililonse pa tsiku loyendera, koma funso la umoyo ndi lakuti zikugwiritsidwa ntchito kapena ayi. Banja likhoza kukhala ndi neti, koma amene amatetezedwa ndi amene wagona m'netimo. N'chifukwa chake ofunsa amapempha kuona neti ndi maso, n'kufunsa amene anagonamo usiku wathawo. Amapemphanso kuona khadi la katemera m'malo mongodalira zimene mayi akukumbukira.

Zimene azaumoyo angachite

Manambala ambiri amene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito pogawa mankhwala, maneti ndi ogwira ntchito amayambira m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena munthu wongodzipereka. Choncho kulondola kwa muyeso si nkhani ya akatswiri a ku yunivesite okha.

Mafunso atsopano ayenera kuyesedwa kaye pa anthu ochepa a m'deralo. Njira yosavuta ndi kupempha woyankha kuti afotokoze funsolo m'mawu akeake. Ngati anthu asanu alimva m'njira zitatu zosiyana, funsolo silinakonzeke, ngakhale womasulira atakhala katswiri. Kafukufuku akayamba, wofunsa ayenera kuwerenga funso monga lalembedwera. Akaona kuti anthu sakulimva, auze woyang'anira kuti likonzedwe kwa onse, osati aliyense azilikonza yekha m'njira.

Kafunsidwe kamatsegula kapena kutseka pakamwa pa woyankha. Namwino akati, "Mayi, mankhwala mukumwa tsiku lililonse, eti?" wapereka kale yankho. Akati, "Anthu ambiri amavutika kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Inu m'masiku 7 apitawa, ndi masiku angati amene simunamwe?" wamasula wodwalayo kuti anene zoona popanda manyazi. Malo nawo ndi ofunika: mayi sangayankhe momasuka za kulera kapena nkhanza apongozi ake atakhala pamkeka womwewo. Woyankha ayeneranso kuuzidwa momveka kuti yankho lake silimuchotsera thandizo lililonse, ndipo lonjezolo lisungidwe.

Pamene pali mboni yapadera, igwiritsidwe ntchito. Kwa munthu amene ali pa ma ARV, kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kumanena zimene mafunso sanganene. Zotsatira zikasiyana ndi zimene wodwala wanena, imeneyo ndi nthawi yokhala naye pansi kuti chifukwa chake chidziwike, osati yomukalipira. Amayi a VOICE anayamba kufotokoza zenizeni pamene anaonetsedwa zotsatira zawo ndi kufunsidwa mwaulemu.

Pomaliza, mpata wosadzazidwa pa fomu ndi wabwino kuposa nambala yopeka. Mpata umaoneka, ndipo owerengera amadziwa chochita nawo. Nambala yopeka imafanana ndi yoona, imalowa m'lipoti la boma, ndipo palibe angaizindikirenso.

Wowerenga lipoti la kafukufuku aliyense angadzifunse mafunso anayi asanakhulupirire chiwerengero: anthu anafunsidwa funso lotani kwenikweni, ndipo m'chilankhulo chanji? Anafunsa ndani, pamaso pa ndani? Woyankha akanapindula kapena kutaya chiyani ponena zoona? Kodi pali umboni wina, wosadalira pakamwa pa woyankhayo, umene ukugwirizana ndi nambalayi? Lipoti labwino limayankha mafunso amenewa m'gawo lofotokoza njira zimene ofufuza anatsata, ndipo gawo limenelo ndi loyenera kuwerengedwa nambala isanakopedwe kupita pa bolodi la chipatala.